Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zimene ndinkachita ndi uranium

Gawo lapitalo tinalekezera ndikutsika ndege pa Chileka, pochokera ku Darmstadt ku Germany, komwe ndinaphunzira ntchito m'labotale yofufuza za maatomu yotchedwa GSI. Kwathu ku Chilomoni ndinapeza mphekesera zafika kale, zoti ndinkapanga mabomba kwa azungu. Inali nthawi imene mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, unali m'kamwam'kamwa, ndipo anthu akangomva za uranium mitima inkakhala m'mwamba.

Usiku womwewo amayi anandikhazika pansi. "Mwanawe, undiuze zoona. Thupi lakoli lili bwinobwino?"

"Lili bwino, amayi. Uranium yemwe ndinkagwira sangakwane ngakhale kambewu kamodzi ka mpunga."

Sindinkawanamiza. Makina aakulu a kumeneko amathamangitsa tizidutswa ta maatomu n'kukatimenyetsa pa kanthu kotchedwa target, ndipo ntchito yathu inali kupanga ka target kameneko. Kamayenera kupyapyala kwambiri, kolemera mamayikulogalamu mazana ochepa pa sikweya sentimita imodzi (mu galamu imodzi muli mamayikulogalamu miliyoni). Kakakhuthala, tizidutswa timataya mphamvu tikamadutsamo, zotuluka pa kugundako zimatsakamira m'kati, ndiye akatswiri amayeza zosokonekera.

Uranium payekha sachedwa kuda akakumana ndi mpweya, n'chifukwa chake kawirikawiri tinkagwiritsa ntchito UF4, ufa wobiriwira wa uranium ndi fluorine. Tinkautenthetsa m'chitsulo chochotsedwa mpweya wonse mpaka usanduke nthunzi, nthunziyo n'kukamata pa kapepala ka kaboni. Chimene chinandigwira mtima ndi kapepalako. Kaboni amamupaka pa galasi lomwe layamba lapakidwa mankhwala osungunuka m'madzi. Galasilo umalimiza pang'onopang'ono litapendekeka, madzi n'kumalowa kunsi, kaboni n'kumasomphoka mpaka kuyandama yekha. Kenako umalowetsa felemu ya bowo pakati kunsi kwake n'kumakweza mosagwedeza dzanja. Apa munthu sapuma. Kungotulutsa mpweya, kapepala kamakwinyika, ntchito ya tsiku lonse yathera pompo. Kakatuluka kosalala, kakuwala pa felemu, chimwemwe chake sindinachipezenso pa ntchito ina iliyonse.

Makulidwe ake sitinkayeza ndi rula. Mtundu wa uranium wotchedwa U-238, womwe ndi 99.3 peresenti ya uranium wachilengedwe, umatulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa alpha, ndiye tikatiwerenga tinkadziwa kuchuluka kwa uranium pa felemupo. Umatitulutsa mwapang'onopang'ono zedi, poti pamatenga zaka 4.5 biliyoni kuti theka lake lithe. Tizidutswa ta alpha sitibowola n'khungu lomwe. Choopsa ndi fumbi la uranium likalowa m'mapapo kapena m'mimba, chifukwa limawononga impso. Ndiye tinkavala magolovesi, ufawo n'kumaugwirira m'bokosi lotseka, ndipo potuluka ankatiyeza manja ndi nsapato.

Amayi anamvetsera zonsezi ali chete. Atatha anandigwira zikhato n'kuziyang'ana mbali zonse. "Ndiye kuno ukagwira kuti ntchito imeneyi?"

Funso limenelo linandisowetsa tulo. Miyala ya uranium tili nayo m'dziko lathu lomwe lino, koma makina othamangitsa maatomu aja tilibe, ndipo luso lomwe ndinabwera nalo linalibe polikhazika. M'mawa mwake ndinasita malaya, n'kutenga masatifiketi anga, n'kukwera minibasi yopita m'tauni kukafunsa ntchito m'malabotale a m'Blantyre muno. Zomwe ndinakapeza kumeneko ndidzakuuzani m'gawo lotsatira.