Kangodya ka mwana wamkazi: mmene ntchito yathu inayambira ku Nchalo

Munthu akandifunsa ntchito yanga ndimangoti ndine telala, poti ndilo yankho losavuta. Ndikanena kuti ndimakonza zipinda za ana aakazi, ena amati zimenezo n'za ku Nyambadwe, osati kuno ku Nchalo kumene ambirife timakhala m'nyumba za lendi za zipinda ziwiri. Komatu makina anga a Singer masiku ano amasoka makatani ndi matumba a pakhoma ambiri kuposa madiresi, ndipo fizi ya ana anga ikuchokera pamenepo.

Zonsezi zinabwera ndi madzi. Kumapeto kwa Januwale 2022, namondwe wa Ana atawomba, madzi analowa m'nyumba mwathu mpaka m'mawondo. Sitinataye munthu, Mulungu anatiteteza, ndipo ndikudziwa mabanja amene anataya zoposa ife kutalitali. Koma mwana wanga woyamba, amene anali ndi zaka 11, makope ake onse ankasunga m'katoni pansi pabalaza. Madzi ataphwera, katoniyo inali phala lokhalokha. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akumatula mapepala limodzilimodzi n'kumayanika pa lata, osalira, osayankhula. Mpaka lero chithunzi chimenecho sichinandichoke m'maso.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinazindikira kuti mwanayu analibe malo akeake m'nyumba imene anabadwiramo. Ankagona pabalaza ndi azichimwene ake awiri. Ankadzuka kusanache kuti avale kuseri kwa chitseko bambo ake asanatuluke kuchipinda. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku koma osaziganizira. Nditawauza amayi anga, anati, "Ife pa msinkhu umenewo tinkagona ku gowero ndi anzathu. Inu a m'tauni munagwetsa gowero, nanga m'malo mwake munamangamo chiyani?" Ndinasowa choyankha.

Ndalama yomangira chipinda china panalibe, komanso nyumba ndi ya eni. Ndiye ndinagula mphasa ziwiri za bango, zija amaluka anthu a m'madambo a m'mbali mwa Shire, ndi nsungwi zisanu. Bambo a kunyumba anamanga felemu, tinatchinga ngodya imodzi ya pabalaza, mbali ya zenera. Pakhomo pake ndinapachika chitenje changa chakale chimene mwanayo anasankha yekha. Khoma linali ndi mzere wa matope wosonyeza pamene madzi analekezera, ndiye tinalipaka laimu wothira mchere pang'ono kuti asamayoyoke. Mzere uja sindinauiwale. Ndinauyeza ndi tepi yanga yosokera, n'kunena kuti chilichonse cha mwanayu chizikhala pamwamba pa muyezo umenewo. Kashelefu ka mabuku tinakakhoma m'mwamba. Zovala zinapita pa nsungwi yopingasa yomangirira ku mitengo ya denga. Za mtengo wapatali, monga malipoti a kusukulu, buku la kuchipatala ndi makope a chaka chimenecho, zinalowa mu chigubu cha malita 20 cha pakamwa patambalala, chokhala ndi chivindikiro chothina. Ndinachisokera diresi lake ndi kakhushoni pamwamba, chinasanduka mpando wokhalapo powerenga. Chigubu chimenechi ndicho anthu amatidziwa nacho mpaka pano.

Magetsi nthawi imeneyo ankazimazima kwambiri, poti Ana anali atawononganso damu la ku Kapichira kumtunda kwathu kuno. Choncho chinthu chokhacho chodula chimene ndinagula chinali kanyale ka sola. Ndimalimbikitsa kholo lililonse kuti ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha cha kusitolo, chikhale chimenechi. Kandulo pafupi ndi mphasa ya bango ndi neti ya udzudzu ndi ngozi, ndipo sindivomera kutchinga ngodya m'nyumba imene mwana aziwerengera kandulo.

Sindinkaganiza za bizinesi ayi. Ndinangojambula kangodyako n'kuika pa WhatsApp. Mawa lake amayi ena a ku banki m'khonde kwathu anabwera kudzaona ndi maso, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Asisi, wanga uja akulemba Sitandade 8 chaka chino. Mundipangire chomwechi." Anali kasitomala wanga woyamba. Mpamba wogulira nsalu ndinakongola ku banki m'khonde komweko.

Chaka choyambacho ndinalakwitsa zambiri, ndipo cholakwa chachikulu chinachokera pa foni. Ndinayamba kuona zithunzi za zipinda za ana a kunja, zodzaza ndi makapeti a ubweya, makatani olemera ofika pansi ndi mapilo ambirimbiri. Ndinakopeka. Mayi wina wa ku Ngabu, wopezako bwino, anandipatsa chipinda chathunthu, ndipo ndinachikonza motengera zithunzizo: katani yokhuthala ya nayiloni, kapeti ya pa kaunjika, chilichonse cha pinki monga mayiyo anafunira. Unali mwezi wa Julayi, kunja kukuzizirira, ndipo tonse tinasangalala. Itafika Okutobala anandiimbira foni. Mwana anali atabwerera kukagona pakhonde. Amene amadziwa chigwa chino akudziwa kuti Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i usiku umakhala ngati uli mu uvuni. Katani ija inkatseka kamphepo konse, kapeti inadzaza fumbi, kuseri kwa nsalu zolemerazo kunali mudzi wa udzudzu. Ndinakwera minibasi kupita ku Ngabu, ndinachotsa zonse n'kuyambiranso ndi ndalama yanga. Phindu la miyezi iwiri linathera pamenepo, ndipo linayenera kutero chifukwa wolakwa ndinali ine.

Kuchokera apo, ndisanaganize za kukongola, ndimayamba ndaima pakati pa chipinda n'kufunsa kuti mphepo imalowera kuti. Mphasa yotchingira siifika kudenga, ndimasiya mpata woposa mkono kuti mpweya wotentha uzituluka. Katani ya pazenera imakhala ya thonje, yopyapyala, yowala, yongokwana zeneralo. Pansi pamakhala mkeka wa mlaza, umene umazizira bwino, umakung'unthika mosavuta, ndipo madzi akabwera umangoupinda n'kuuponya pamwamba. Neti ya udzudzu sindiidula kapena kuisokerera zokongoletsa, ili ndi ntchito yake. Chimene ndimachita n'kuimangira felemu ya nsungwi ya ngodya zinayi kuti itambasuke, isamakhudze thupi la mwana, ndipo felemuyo ndi imene ndimaikulunga ndi timizere ta chitenje. Atsikana amaikonda kwambiri, amati ikuoneka ngati bedi la mkwatibwi. Makolo angapo andiuza kuti mwana amene ankakana kugona mu neti chifukwa chobanika, pano amaifunyulula yekha madzulo.

Chiswe nacho sichigona kuno. Makatoni ndinawaletseratu, poti amaitana chiswe ndi mphemvu. Mashelefu timapanga ndi mabokosi a matabwa a tomato amene ndimagula kwa ogulitsa pamsika akayamba kuthyoka. Mnyamata wina wa ukalipentala amawapala, ife n'kuwapaka penti yotsala ya anthu omanga nyumba, kenako timawakhoma kapena kuwapachika osakhudza pansi. Nsapato nazo zimakhala m'matumba a pakhoma. Aliyense amene analumidwapo ndi chinkhanira chobisala mu nsapato ya kusukulu safuna kuuzidwa chifukwa chake.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, ntchito inaima kwa miyezi. Anthu anali m'misasa, ena kusukulu, ena m'matchalitchi, ndipo palibe akanaganiza za katani. Inenso ndinkangosoka zigamba kuti tipeze ya ufa. Koma m'kati mwa masiku ovutawo bambo wina wa tsidya lija la Shire anandiimbira. Nyumba yawo inagwa mbali imodzi, koma pothawa mwana wawo ananyamula chigubu chake pamutu, ndipo makope ndi malipoti onse anatuluka ouma. Anangothokoza m'Chisena kuti, "Mai, takhuta." Ndinakhala pa makina kanthawi ndithu osapalasa.

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndinali nditalandira kale madipoziti a nyumba zinayi pa mitengo yakale. Nditakwera phiri la Thabwa kukafika ku Limbe kumene ndimapikula nsalu, ndalama imene ndinanyamula sinakwanenso zimene ndinalemba papepala. Ndinabwerera ndi theka. M'minibasi yotsika, ndikuyang'ana chigwa chathu chili tambalale kumunsi, ndinaganiza zongosiya. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinapita kwa makasitomala anayi aja, n'kuwapempha kuti atsegule masutikesi awo. Palibe mayi wa kuno amene alibe zitenje zimene anasiya kuvala: cha ukwati wa mchemwali wake, cha msonkhano wa kutchalitchi, china chong'ambika m'mphepete mokha. Tinasoka zimenezo, ndipo zipinda zinayizo zinakongola kuposa zonse zimene ndinakonzapo ndi nsalu zatsopano. Kuyambira pamenepo ndimalipiritsa ntchito ya manja ndi zochepa zogula, nsalu zambiri amabweretsa eni ake. Mtengo unatsika, makasitomala anachuluka, ndipo ndinayamba kufika m'nyumba za odula nzimbe ndi za alimi a thonje, osati za aphunzitsi ndi anamwino okha.

Chimene ndimalimbana nacho kwambiri si ndalama ayi, koma kuti ndani asankhe. Mayi ndi amene amalipira, ndiye amafuna asankhe zonse. Ine ndimapempha kuti andisiye ndi mwana kwa mphindi zochepa. Poyamba mwanayo amangoyang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala cha kuphazi. Ndimayala zitenje zija pa mkeka n'kumufunsa kuti, "Iwe, chimene chakusangalatsa n'chiti apa?" Kawirikawiri saloza pinki. Wina analoza chobiriwira cha masamba a chimanga. Wina wa zaka 10 anati, "Anti, ine ndikufuna mapu a Malawi pakhoma, ndi pokhomera tayimutebulo." Tinamujambulira mapuwo ndi penti, nyanja ndi mtsinje wa Shire zikuoneka bwinobwino mpaka ku Marka. Mwana wa msinkhu uwu sali wakhanda, komanso sanakule, ndipo zokonda zake zimasintha msanga. N'chifukwa chake khoma ndimalisiya loyera, mitundu n'kuiika pa zinthu zochotseka. Pamwamba pa bedi ndimamanga chingwe chokhala ndi mapegi, apachikepo zojambula zake, zithunzi, kapena pepala la mayeso limene wakhoza. Akatopa nazo amasintha yekha popanda kupempha ndalama kwa munthu.

Pali kathumba kamodzi kamene ndimasoka m'chipinda chilichonse ngakhale asanapemphe. Kamakhala kuseri kwa matumba a pakhoma, koyang'ana kukhoma, kotseka ndi batani. Ndimamuonetsa mayi yekha, n'kumuuza kuti tsiku limene mwana adzathe msinkhu, nsalu zake ndi sopo wake zizikhala mmenemo, kutali ndi maso a azichimwene ake. Ena amandipempha kuti ndisokeretu mapadi ochapa, ndipo ndimasoka. Ine ndinakula ndikubisa zinthu zotere mu udzu wa denga, ndi mantha kuti wina azipeza, ndipo sindifuna mwana wina adutse momwemo.

Abambo ena amakayika. Wina anandiuza pamaso kuti mwana wamkazi ukamupatsa chipinda chake wamupatsa pobisira zoipa. Sindinakangane nawo. Ndinawaonetsa kuti pakhomo pali chitenje chabe, palibe loko, ndipo aliyense wodutsa pabalaza amamva ngakhale kutsokomola kwa mwanayo. Chimene akupeza ndi povalira mosachita manyazi, ndi powerengera pamene ang'ono ake sangang'ambe makope. Anavomera monyinyirika. Patatha miyezi itatu anabwera okha pa njinga kudzafunsa ngati ndingatchingenso ngodya ya mwana wawo wachiwiri.

Ntchito yathu imayendera nyengo za chigwa chino. Anthu akagulitsa thonje ndi chitowe, komanso nthawi yodula nzimbe ku Illovo pamene ndalama ikuzungulira m'Nchalo, timasoka mpaka usiku. Sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala kumakhalanso piringupiringu. Dzinja likafika timangokhala ndi zokonzakonza. Pano tilipo anayi: ine, atsikana awiri amene ndinawaphunzitsa kusoka, ndi kalipentala uja. Mphasa ndi mikeka ndimagula kwa agogo awiri okhaokha chaka chonse, ndipo sindinenerera mtengo chifukwa ndikudziwa masiku amene mkeka umodzi umadya. Tafikako ku Dyeratu, ku Ngabu, ku Bangula, ndipo kamodzi tinawoloka pa bwato pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga, nsungwi zili m'manja, makatani ali pamutu. Akutali amatumiza dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kunditumizira chithunzi cha chipindacho ndi muyezo wa mapazi. Ndimawafunsanso funso loti madzi akalowa amalekeza pati.

Mwana wanga uja pano ali ku sekondale yogonera komweko. Ngodya yake anaisiyira mwana wa mchemwali wanga amene tikukhala naye, wa zaka 9. Sabata yoyamba yomweyo anachotsa chitenje cha pakhomo, akuti n'cha achikulire, n'kusankha china chachikasu cha nsomba. Chigubu chokha mwini wake anakana kusiya. Anapita nacho kusukulu, ndiye ndikusokera wamng'onoyu chake, ndipo wanena kale kuti khushoni yake ikhale yobiriwira.