Zikomo nonse, achimwene tawagoneka kwawo

Loweruka lapitali tinaika achimwene anga kumudzi kwathu ku Chadiza, pambali pa atate. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti tawazindikira bwanji patapita zaka 6 chisowereni chao, ndiye ndati ndifotokoze pano kamodzi, ndithokozeretu.

Achimwene ankagula nshawa m'midzi n'kumakagulitsa m'Chipata. Tsiku lina anakwera njinga m'mamawa, ulendo ulendo. Tinafunsa ku Katete, tinaoloka pa Mwami mpaka ku Mchinji, tinalowa m'mochale zingapo, zii. Chaka chatha m'pamene tinamva kuti m'nyengo yomweyo m'dambo lina munapezeka mtembo utaonongeka kale, ndipo unaikidwa ngati wa munthu wopanda abale.

Kufukula manda si nkhani yamasewera. Panafunika chilolezo cha akhoti, apolisi, dokotala wopima mitembo wochokera ku Lusaka, komanso mawu a amfumu. Kwa adzukulu amene munagwira makasu tsiku lija ena akukuikani kumaso, sindidziwa kuti ndikuthokozeni bwanji.

Ine ndinali pomwepo. Zovala zinali zitatha, tinangoona mafupa. Dokotala wa mano anatenga nsagwada, anaika pansalu yoyera, n'kuyamba kuchotsa dothi ndi kaburashi pang'onopang'ono. Anatiuza kuti m'thupi lonse palibe cholimba kuposa chikuto cha dzino, n'chifukwa chake mano amatsala zina zonse zitaola. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo iwo anawerenga limodzilimodzi akulemba: ili lilipo, ili linazulidwa munthu akali moyo chifukwa fupa linatsekeka, ili langogwera m'manda.

Koma anati mano paokha satchula dzina, pamafunika choyerekezera. Apa ndiye pamene amai anatidabwitsa. M'thiranki mwao, pamodzi ndi makadi a ubatizo, munali X-ray ya achimwene ya nthawi imene anakamatitsa dzino lotafunira lakumanzere. Tinkawaseka amai kuti amasunga zinyalala, lero ndani angasekenso? Atajambula nsagwada ija n'kuika zithunzi ziwirizo pafupi, pomatidwa paja ndi kupindika kwa mizu zinagwirizana ndendende. Dzino lakutsogolo nalo linali lobenthuka pakona, lija anabenthula potsegula Fanta paukwati wanga. Nditaliona miyendo inazizira, ndinakhala pansi.

Adokotala, simunatithamangitse, ndipo amai atafunsa katatu munawayankha katatu, m'chinyanja. Mulungu akudalitseni. Wapolisi amene munasakatula mafayilo akale mpaka kupeza pomwe panali manda aja, zikomo. Amalume, munagulitsa ng'ombe kuti tiyendere nkhaniyi, sitidzaiwala. Amai a mpingo munaphika masiku atatu, anzao a achimwene a pamsika munasonkha za bokosi, ngakhale inu amene munangotumiza K20 pafoni, zonse zinafika.

Alamu anga, mwapirira. Zaka zonsezi simunadziwe ngati ndinu mkazi wa munthu kapena namfedwa, anthu akuyankhula zambiri, ena mpaka kunena kuti amuna anu anakwatira ku Joni. Mwalera ana osatekeseka. Akuluakulu akhala pansi posachedwa kuti akusudzuleni mwamwambo.

Mlandu wokha sunathe. Chigaza chinali ndi bala kumbuyo, ndipo amene anachita zimenezi sanapezeke. Njinga ya achimwene inali yakuda, ya keriya yowotcherera, chishalo chomanga ndi mphira. Ngati munaiona kapena munaigula osadziwa, chonde kauzeni apolisi, kapena ndilembereni kumbali.