Chilembo chosaoneka chandidyera masiku atatu

Anzanga, kapulogalamu kanga kowerengera matumba a kachewere kayamba kuyenda dzulo usiku. Mukukumbukira kuti amalume amagula mbatata ku Tsangano n'kumagulitsa kuno ku Ulongué, ndipo alamu amalemba zonse mu Excel: dzina la mlimi, matumba, mtengo. Ine ndimangofuna kuti Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, iziwerenga CSV yawoyo (fayilo ya mizere ndi mizati yochokera mu Excel) n'kutiuza alimi amene sanalandire ndalama zawo.

Chondivuta chinali chimodzi, KeyError: 'dzina', kutanthauza kuti Python sikupeza mzati wotchedwa dzina. Mzere woyamba wa fayilo ukuti dzina;matumba;mtengo, ndikuuona ndi maso angawa. Delimiter, chizindikiro cholekanitsa mizati, ndinali nditasintha kale kukhala semikoloni (;), poti Excel ya Chipwitikizi imalekanitsa choncho. encoding="utf-8" ndinaikanso, kuti Angónia asamatuluke ngati AngÃ³nia. Matumba akupezeka, mtengo ukupezeka, koma dzina lokha toto. DictReader, imene imawerenga CSV mu Python, ndinailemba kawiri konse, mpaka alamu ndinawafunsa ngati anasiya mpata kutsogolo kwa liwulo. Lachitatu netiweki inangokhalira kuthawathawa, bandulo n'kuthera pa mavidiyo amene munthu amayamba wapereka moni mphindi zisanu asanafike pa nkhani.

Dzulo ndi pamene ndinaganiza zoona mitu ya mizatiyo ndi repr(), imene imaonetsa ngakhale zilembo zosaoneka. Pa sikirini panatuluka '\ufeffdzina'. Kanthu kanabisala kutsogolo, print wamba osakaonetsa.

Apa ndi pamene zolemba za Python zinandiombola. Chaka chatha ndili mumzinda wa Tete ndinatsitsa zip ya HTML kuchokera pa docs.python.org, pa Wi-Fi ya msuweni wanga. Dzulolo ndinalowa mufoda ya zolembazo, python -m http.server kuti zitseguke mu browser, m'kabokosi kofufuzira n'kulemba FEFF basi. Tsamba la codecs linabwera, ndipo nkhani yonse ili momwemo. Kanthuko ndi BOM, mabaiti atatu, EF BB BF, amene mapulogalamu a Microsoft amaika kumayambiriro kwa fayilo posonyeza kuti ndi UTF-8. Mankhwala ake ndi utf-8-sig, imene imachotsa mabaitiwo powerenga. Ndinawonjezera zilembo zinayi, -sig, pa encoding ija, mayina a alimi onse n'kundandalika pa sikirini, aliyense ndi mametikali ake. Intaneti sindinaikhudze n'komwe.

help() ya mu Python, imene imafotokoza chinthu ukaipatsa dzina lake, ndimaikonda, koma imathandiza munthu wodziwa kale dzina la chimene akufuna. Ine liwu loti BOM ndinali ndisanalimvepo, ndikanalifunsa bwanji? Ndinali ndi kachidutswa kokha, ndipo chofufuzira chinandifikitsa pakhomo penipeni. Ngakhale index yake ya A mpaka Z, ukaima pa B umapeza BOM, BOM_UTF8 ndi anzake ali pamodzi, n'kuphunzira zomwe sunabwerere. Zikanandipulumutsa nthawi ija ndinkalimbana ndi strptime pa kapulogalamu ka zopereka za kutchalitchi, ndikusokoneza %m ya mwezi ndi %M ya mphindi sabata yathunthu.

Laputopu ndi yomwe ija ndinagula kwa mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika. Batire yake imagwirabe maola awiri magetsi akathima, ndipo RAM anandiwonjezera pamtengo wachibale. Kwa iyeyo ndikagulanso mafulashi awiri, ndikopere zolembazi achinyamata amene amabwera Loweruka kudzaphunzira.

Chotsatira ndikufuna mlimi aliyense azilandira SMS ya ndalama zake. Ndikulakalakanso index yathuyathu ya Chichewa, yoti munthu akalemba "kutsegula fayilo" izimulozera ku open(). Poyambira ndiona mbatata ikatha kukumbidwa.