Maantibayotiki m'zipatala zazikulu: woyambitsa alipo, wosiyitsa ndani?

Kuyambitsa maantibayotiki sikuvuta. Wodwala wafika usiku thupi lili moto, dokotala walemba ceftriaxone, ndipo nthawi zambiri wachita bwino, chifukwa munthu amene tizilombo talowa m'magazi sangadikire zotsatira za ku labu. Vuto limadza pambuyo pake. Dokotala uja waweruka, wodwala wasamukira ku wodi ina, mwinanso ku chipatala china cha gulu lomwelo la zipatala zoyendetsedwa pamodzi, ndipo pofika tsiku la 7 jakisoni akubayidwabe popanda wokumbuka chifukwa chake. Aliyense amaopa kusiyitsa mankhwala amene anayambitsa ndi mnzake. Ine ndimaona kuti ntchito yosamala maantibayotiki yagona pamenepa: pakhale munthu wodziwika, ndi tsiku lodziwika, loti mankhwalawo aunikidwenso.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Tsiku lililonse limene wodwala walandira mankhwala osafunika limapatsa mpata mabakiteriya oterewa kuti achuluke m'matumbo mwake, kenaka afalikire kwa anzake m'wodimo.

Poyambira ndi pa pepala la mankhwala, kaya ndi lolemba pamanja kaya la pa kompyuta. Likhale ndi malo olembapo matenda amene akuganiziridwa, mlingo, tsiku lounikanso ndi tsiku lomaliza, ndipo likhale lofanana m'zipatala zonse za gululo. "Kutentha thupi" si dzina la matenda. Palembedwe chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kapena bala lochita mafinya. Mawu akuti "apitirize" opanda tsiku asaloledwe, ndipo wa ku famase akhale ndi mphamvu yobweza pepala lotere kuti likonzedwe, koma asachedwetse mlingo woyamba.

Magazi okayezetsa tizilombo atengedwe mankhwala asanalowe m'thupi. Kwa munthu wamkulu pamafunika maseti 2, kuchokera malo awiri osiyana, ndipo botolo lililonse lilandire mamililita 8 mpaka 10. Cholakwika chofala ndi kuthira magazi ochepa: tizilombo m'magazi a munthu wamkulu timakhala tochepa kwambiri, choncho mamililita 3 amabweretsa yankho loti "palibe chamera" pamene matenda alipo. China ndi kusapukuta bwino khungu, kapena kutenga magazi pa kanyula (kapaipi kolowetsa mu mtsempha) wakale. Zikatero kumamera tizilombo ta pakhungu, wodwala n'kulandira mankhwala a vancomycin pachabe. Mabotolo oipitsidwa chonchi akapitirira 3 pa 100 alionse, wodiyo ikufunika kuphunzitsidwanso. Ndipo labu isadikire kusindikiza pepala, iziimba foni ikangoona kanthu.

Pakatha maola 48 mpaka 72 ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Dokotala ndi wa ku famase aime pa bedi, fayilo ili m'manja, afunse ngati umboni wa matenda a bakiteriya ulipodi. Ngati palibe, mankhwala aleke tsiku lomwelo. Ngati labu yatchula kachilombo, asankhe mankhwala olunjika kachilomboko m'malo mwa aja opha zambiri. Ngati wodwala sakupeza bwino, asathamangire mankhwala opha zambiri ngati meropenem asanafufuze gwero: mafinya amene sanachotsedwe, kapaipi ka mkodzo kokhalitsa, kanyula wotupa. Chithupsa cha m'mimba sichimva jakisoni, chimafuna kutsegulidwa. Chimene agwirizana chilembedwe, pamodzi ndi dzina la amene wasankha.

Pa nthawi yomweyo afunsenso ngati jakisoni akufunikabe. Wodwala amene kutentha kwatsika kwa maola 24 kapena kuposa, akudya, sakusanza, ndipo kuthamanga kwa magazi kwakhazikika, angathe kumwa mapiritsi. Metronidazole, cotrimoxazole ndi doxycycline amalowa bwino m'magazi ngakhale akamwedwa pakamwa. Achibale ambiri, ngakhalenso ena mwa ife azaumoyo, amakhulupirira kuti jakisoni ndiye wamphamvu, koma kanyula ndi khomo la matenda ena, ndipo amasunga munthu pa bedi nthawi yoti akanapita kwawo. Matenda oumitsa khosi ndi a m'mavavu a mtima ndi nkhani ina, amenewo atsate ndondomeko yawo. Chenjezo laling'ono koma loiwalika: ciprofloxacin ndi doxycycline akamwedwa pamodzi ndi mapiritsi a ayironi kapena mankhwala oziziritsa asidi wa m'mimba, salowa bwino m'thupi.

Masiku nawo achepetsedwe pamene umboni ukulola. Chibayo chimene munthu wabwera nacho kuchokera kunyumba, akamachira bwino, masiku 5 amakwana. Mabakiteriya opezeka mumkodzo wa munthu wopanda zizindikiro safuna mankhwala, kupatula mayi woyembekezera kapena amene akukachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo.

Ku fiyeta ndi kumene gulu la zipatala lingaone kusintha msanga. Mankhwala oteteza bala, monga cefazolin magalamu 2 kwa munthu wamkulu, aperekedwe mkati mwa mphindi 60 asanacheke. Abwerezedwe ngati opaleshoni yapitirira maola 4 kapena magazi otayika aposa mamililita 1,500. Bala likatsekedwa, basi. Malangizo a 2016 a WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, amakana kupitiriza mankhwalawa opaleshoni itatha. Komabe chizolowezi cha masiku 5 "kuti bala lisaole" n'chozika mizu, ndipo sichitha ndi chikalata chochokera ku ofesi. Chimatha pamene mkulu wa madokotala a opaleshoni waona yekha ziwerengero za mabala a m'wodi yake n'kuuza anzake kuti sizinaipe.

Mu 2017 WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Access ndi oyambira, monga amoxicillin ndi gentamicin. Watch ndi ofunika kusamala, monga ceftriaxone, ciprofloxacin ndi meropenem. Reserve ndi osungira pamapeto, monga colistin ndi linezolid. Mu 2024 mayiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030, osachepera 70 pa 100 alionse a maantibayotiki operekedwa kwa anthu akhale a Access. Kuika chilolezo pa a Reserve ndi ena a Watch n'koyenera, koma kuli ndi misampha iwiri. Wopereka chilolezo akasowa usiku, wodwala wovutikitsitsa amachedwa kulandira thandizo, choncho mlingo woyamba uperekedwe, chilolezo chitsatire m'mawa. Msampha wina ndi wakuti mukatsekera mankhwala amodzi, madokotala amasamukira kwa ena ofanana nawo. Yang'anirani onse pamodzi. Ndipo amoxicillin kapena benzylpenicillin akatha ku famase, musadabwe kugwiritsa ntchito ceftriaxone kukakwera.

Gulu la zipatala likhale ndi buku limodzi la ndondomeko, koma chipatala chilichonse chidziwe tizilombo take. Chaka ndi chaka labu itulutse tebulo losonyeza mankhwala amene akugwirabe ntchito pa kachilombo kalikonse. Pamafunika zoyeza zosachepera 30 pa mtundu umodzi, kuwerenga choyamba chokha cha wodwala aliyense. Za ku chipinda cha odwala kwambiri zipatulidwe, apo ayi chipatala chaching'ono chidzayamba kuopa bakiteriya wa Klebsiella wosamva mankhwala amene sichinamuonepo. Kagwiritsidwe ntchito ka maantibayotiki kayezedwe powerenga masiku a mankhwala pa masiku 1,000 ogonera odwala, wodi ndi wodi, mwezi ndi mwezi. Pambali pake pakhale chiwerengero cha imfa, cha obwereranso m'chipatala ndi cha otsegula m'mimba chifukwa cha Clostridioides difficile (bakiteriya amene amachuluka m'matumbo a olandira maantibayotiki), kuti okayika aone ngati odwala akuvulala.

Zonsezi zimafuna anthu opatsidwa nthawi: dokotala, wa ku famase, wa ku labu, ndi namwino. Komiti yokumana kamodzi pa miyezi itatu sisintha pepala la wodwala. Anamwino ndi amene amadziwa mlingo umene unadumphidwa komanso wodwala amene wayamba kudya, choncho apatsidwe ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, lero ndi tsiku lachitatu, tipitirize?"

Malo omaliza otayikira ulusi ndi potulutsa kapena potumiza wodwala kwina. Munthu walandira kale masiku 4 m'wodi, wolemba kalata n'kumupatsanso mapiritsi a masiku 7, onse pamodzi 11. Kalatayo itchule tsiku limene mankhwala anayamba, zotsatira za ku labu kuphatikizapo zimene zikudikiridwa, tsiku lenileni lomaliza, ndi nambala ya labu yoti chipatala cholandira chiimbeko.