Mutu wosamva Panado: zomwe ndaphunzira pa cryptococcal meningitis mu wodi ya akuluakulu

Pa matenda oumitsa khosi amene amagwira akuluakulu okhala ndi HIV kuno kwathu, cryptococcal meningitis ndiwo amapezeka kwambiri. Chithandizo chake chasintha m'zaka zochepa zapitazi, ndipo mbali yofunika ya kafukufuku amene wabweretsa kusinthako inachitikira m'zipatala zathu zomwe: ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Zomba. Mfundo yanga pa zonse zimene ndawerenga ndi iyi: mankhwala tawadziwa, koma odwala ambiri timawataya pa zinthu zimene sizili mu botolo la mankhwala.

Kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon. Poyerekeza mankhwala opha tizilombo ta matendawa, anasonyeza kuti amphotericin B wa sabata imodzi pamodzi ndi flucytosine amapulumutsa anthu ambiri kuposa njira zina zimene zinayesedwa, komanso kuti flucytosine ndi mnzake wabwino wa amphotericin kuposa fluconazole. Mu 2022 kunabwera kafukufuku wina, AMBITION-cm, wochitikira ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Mwa odwala 814, theka linalandira liposomal amphotericin B (amphotericin wokutidwa mu timafuta) kamodzi kokha, 10 mg pa kilogalamu, kuphatikizapo flucytosine 100 mg pa kilogalamu patsiku ndi fluconazole 1200 mg patsiku kwa masiku 14. Pofika sabata ya 10, omwalira anali 24.8 pa 100 alionse, pamene m'gulu lolandira njira yakale, ya amphotericin B wa sabata imodzi ndi flucytosine ija, anali 28.7. Kafukufukuyu anakonzedwa kuti aone ngati njira yatsopanoyi siichepera pa yakale, ndipo siinachepere. Phindu lake loonekeratu linali pa mavuto obwera ndi mankhwala: kuchepa magazi, kuvulala kwa impso ndi kutupa kwa mitsempha ya pa diripi zinachepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika njirayi patsogolo chaka chomwecho.

Pa bedi la wodwala wolemera 50 kg, njira yatsopanoyi ikutanthauza 500 mg ya liposomal, amene ndi mabotolo 10 a 50 mg. Asanalandire, mumupatsa lita imodzi ya saline yokhala ndi potassium kuti impso zitetezeke. Mankhwalawo mumasungunula ndi madzi a jakisoni, n'kuwathira mu dextrose 5%, osati mu saline, chifukwa mu saline amaundana. Ngati saline anadutsa mu chingwe cha diripi chomwecho, chitsukeni ndi dextrose kaye. Ndipo werengani botolo kawiri. Amphotericin wamba, deoxycholate, mlingo wake ndi 1 mg pa kilogalamu. Kumupereka pa mlingo wa liposomal ndi kupha munthu. Flucytosine amagawidwa kanayi patsiku, amatuluka kudzera mu impso, choncho creatinine akakwera, kusonyeza kuti impso zafooka, mankhwalawo amaunjikana n'kuyamba kupondereza kapangidwe ka magazi. Akatha masiku 14, fluconazole 800 mg kwa masabata 8, kenako 200 mg.

Nkhani imene ndikuona kuti imafuna nthawi yambiri ndi ya kupanikizika kwa madzi m'mutu. Cryptococcus, kachilombo koyambitsa matendawa, kali ndi chikopa chokhuthala chimene chimatseka njira zobwezera madzi a mu ubongo m'magazi. Madzi akupangidwabe, potulukira patsekeka, mphamvu ikukwera. Wodwala amene dzulo amalankhula, lero akusanza, akuona zinthu ziwiriziwiri, diso limodzi silikutembenukira kunja, makutu agontha, mwina maso achita mdima. Amphotericin sangathetse zimenezi usiku umodzi. Chimene chimathandiza ndi kutenga madzi a pamsana.

Muyese mphamvuyo wodwala atagona chammbali, miyendo itamasuka pang'ono singano italowa, chifukwa akakhala pansi kapena akapindika kwambiri nambala imanama. Ikapitirira 25 cm ya madzi, kapena zizindikiro zikaonekeratu, tulutsani 20 mpaka 30 ml, kufikira mphamvu itatsikira pa 20 cm kapena pa theka la pomwe inali, ndipo bwerezani tsiku lililonse mpaka mutu utaleka. Manometer, kachubu koyezera mphamvuyo, akasowa, chingwe cha diripi choimika pa rula chimapereka chithunzi. Cholakwika chofala ndi kutenga timadontho ta ku labu basi, 3 ml, n'kuzula singano. Matenda apezeka, koma wodwala sanathandizidwe. Mannitol ndi acetazolamide, mankhwala otsitsa mphamvu ya madzi m'mutu pa matenda ena, sizilowa m'malo mwa singano. Dexamethasone, amene ndi steroid, nayenso ayi: kafukufuku wa CryptoDex wa mu 2016, amene Malawi anatengako mbali, anaimitsidwa msanga chifukwa olandira steroid analumala kwambiri ndipo tizilombo tinkachedwa kutha m'madzi awo.

Apa agadiyani amakana, ndipo kukana kwawo kuli ndi chifukwa. Anaonapo munthu akutengedwa madzi a pamsana n'kumwalira m'mawa mwake. Chimene sanauzidwe n'chakuti munthuyo anatengedwa madzi mochedwa, atatheratu. Kuwafotokozera kuti m'mutu muli ngati chubu cha njinga chopopedwa mopitirira, ndipo tikufuna kuphwetsako, kumagwira ntchito kuposa kungowapatsa fomu kuti asaine. Wodwala amene mutu wamuleka atatengedwa madzi koyamba nthawi zambiri amapempha yekha kachiwiri.

Tsopano odwala osazolowereka, amene amasokoneza ngakhale dokotala wodziwa. Woyamba ndi amene madzi ake a pamsana atuluka oyera mbee, maselo oyera ochepa kapena palibe, ndipo khosi silinaume. Wina anganene kuti si meningitis. Koma chitetezo chikatheratu thupi silitha ngakhale kutumiza maselo kukamenyana, ndipo wodwala ameneyu ndiye ali pachiopsezo chachikulu kuposa wa maselo ambiri. Madzi a munthu aliyense wa HIV amene mukumuganizira meningitis ayezedwe CrAg (kuyeza kofufuza antigen, tizidutswa ta chikopa cha Cryptococcus), kaya akuoneka bwanji.

Wachiwiri ndi amene CrAg yake yatuluka yopanda kanthu, kapena mzere wake ndi wofooka, pamene India ink, inki yoonetsa tizilombo pa maikulosikopu, ikusonyeza tizilombo todzaza. Izi zimachitika antigen akachulukitsa: amadzaza malo onse ogwirira pa kachingwe koyezera, mzere n'kulephera kuoneka. Sungunulani madziwo, mwachitsanzo gawo limodzi pa magawo 10, muyezenso, mzere udzaoneka.

Wachitatu ndi amene akuti akumwa ma ARV. Odwala ambiri a mu AMBITION anali atayambapo kale ma ARV. Ena anangoyamba kumene, ndiye chitetezo pobwerera chavumbulutsa matenda amene anabisala. Ena anasiya kumwa, ena mankhwala analeka kugwira ntchito. Kabuku ka kuchipatala kolembedwa kuti ali pa mankhwala sikachotsa matendawa; funsani tsiku limene anayamba, ndipo yezani CD4 ndi viral load. Kwa amene sanayambe kapena akufunika kuyambiranso, musathamange. Kafukufuku wa COAT wa ku Uganda ndi South Africa, wa mu 2014, anapeza kuti oyamba ma ARV pa sabata imodzi kapena ziwiri anamwalira 45 pa 100, odikira masabata 5 anamwalira 30 pa 100. Lamulo lake ndi kudikira masabata 4 mpaka 6.

Palinso amene kafukufuku sanawakhudze n'komwe. AMBITION sanalembe amayi oyembekezera, ana, kapena amene matendawa awabwerera kachiwiri. Fluconazole wa mlingo waukulu komanso flucytosine angathe kuvulaza mwana m'miyezi yoyamba ya mimba, choncho mayi aliyense wa msinkhu wobereka ayezedwe mimba asanayambe, ndipo ngati ali nayo nkhaniyo ikambidwe ndi akatswiri. Wodwala TB amene ali pa rifampicin amataya fluconazole msanga m'chiwindi, ndiye mlingo umafunika kuwonjezedwa. Wobwereranso ndi mutu patapita miyezi iwiri angakhale kuti fluconazole anamuthera, kapena chitetezo chobwerera chikutupitsa ubongo, kapena mphamvu ya madzi yakweranso. CrAg singasiyanitse zitatuzi chifukwa imakhalabe yoonetsa kwa miyezi yambiri tizilombo titafa kale. Chofunika ndi kufunsa bwino za kamwedwe ka mankhwala, kuyeza mphamvu ya madzi, ndi kutumiza madziwo ku labu kuti akawabzale aone ngati tizilombo tidzamera.