Za m'poto ndimafuna ndikazigwire ndekha

Masiku ano ukangotsegula WhatsApp ma status ali mbwee ndi malonda, uyu mpunga wa Kilombero, uyo nkhuku zosadzula kale, wina mazira pa thireyi, wina usipa wa ku Usisya, ndipo onse mawu ake ndi amodzi, ingotumizani pa Airtel Money kapena Mpamba tikubweretserani mpaka pakhomo. Sindikuwanyoza ayi, ambiri ndi achinyamata oti sukulu anamaliza koma ntchito kulibe nde akuyesetsa kuti apeze ya sopo mwachilungamo. Koma tapitani ku msika waukulu wa Mzuzu Loweruka m'mawa, kapena mutsikire ku Zigwagwa mukaone nokha. Anthu ali pikitipikiti, ena mafoni odula ali m'manja, bandulo ali nayo, galimoto aimika panja, koma abwera okha kudzasankha tomato wa mulu umodzi. Ena amati ndi kutsalira, ati a Malawi sitinazolowere za intaneti. Ine ndimakana. Anthu omwewa amalipira madzi ndi magetsi pafoni, fizi ya ana pafoni, ndalama kumudzi amatumiza pafoni, nde foni akuidziwa bwinobwino. Kungoti chakudya chili ndi zake zomwe chithunzi sichinganene, komanso ndalama yathu ndi yochepa kwambiri moti kuipereka chinthu usanachigwire mtima suvomera.

Tiyambe ndi mpunga poti kuno kumpoto ndi umene timanyadira. Pa chithunzi mpunga uliwonse ndi woyera, uliwonse ndi Kilombero wa ku Karonga, palibe amene amalemba kuti wanga ndi wosakaniza. Koma muone mmene amagulira mayi woudziwa mpunga. Amapisa dzanja mkati mwenimweni mwa thumba osati pamwamba pomwe aika wooneka bwino, amatapa pang'ono, kuufikisa m'manja kuti utenthe, kenako kuununkhiza. Kilombero weniweni fungo lake limakupeza lokha usanafike nalo pamphuno. Akatero amautambasula pachikhatho kuona ngati wosweka wachuluka, ngati muli timiyala kapena mankhusu, ngati njere zake zikufanana kutalika poti zikasiyana ndiye kuti athiramo mtundu wina. Zonsezi sizitha olo mphindi ziwiri koma zimapulumutsa ndalama ya mwezi wonse. Pafoni mununkhiza bwanji?

Nsomba nde usachite kunena. Nyanja tili nayo pafupi, ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 basi, nde batala, chambo, utaka, zimatha kufika mtauni tsiku lomwelo, koma si zonse zili pa benchi zafika lero. Yaiwisi umaiyang'ana m'maso ngati ali owala kapena achita mbuu, umaidina ndi chala pamsana kuona ngati mnofu ukubwerera, umatsegula m'mbali mwa mutu muja kuona ngati muli mofiira. Usipa wouma amama ogulitsa amakuuza okha kuti lawani, ndipo ukatafuna kamodzi umadziwiratu zonse, ngati ndi wowawa chifukwa unakhalitsa, ngati unayanikidwa pamchenga poti umachita gwedegwede m'mano, kapena unayanikidwa pathandala bwinobwino. Amene anaphikapo usipa wamchenga alendo ali pakhomo akudziwa manyazi ake. Wogulitsa pa status akhoza kukhala wachilungamo ndithu, koma chithunzi anajambula tsiku lomwe katundu anafika, inu mukuoda patapita masiku, ndipo nsomba sidikira munthu.

Nyemba chimodzimodzi, umayang'ana ngati zafumbwa, umakanda imodzi ndi chikhadabo kuona ngati ndi zachaka chino. Zakale zimakhala pamoto mpaka kalekale osapsa, ndipo mmene makala akudulira panopa nyemba zotchipa zosapsa msanga zimakhala zodula kuposa zodulazo.

Nde pali nkhani ya kusankha yomwe munthu wina sangakuchitire olo atakhala wokufunira zabwino. Tomato wa ku Jenda akafika, ine sindifuna yense akhale wakupsa. Ndimatenga wofiira wa lero ndi mawa, wina wongoyamba kufiira woti adikire mpaka Lachinayi, chifukwa si nyumba zonse zili ndi furiji ndipo olo ilipo magetsi akazima tsiku lonse zonse zimangofanana. Mapeyala, nthochi, mapapaya, ndi momwemo. Mnyamata wotumidwa amatola zooneka bwino zonse zakupsa lero, kwa iye wachita bwino, koma pofika mkuja theka laola. Iye sakudziwa kuti pakhomo panga tilipo angati, ndani sadya chakuti, mwana amanyamula chani kusukulu. Zimenezi zimakhala m'mutu mwa wophika ndipo zambiri umazikumbukira pomwe waona chinthucho, umangoona nkhwani wanthete nkukumbukira kuti nsinjiro zatha.

Koma chachikulu kwa ambiri, tisanamizane, ndi thumba. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo simakhala malo amodzi, lero uku mawa uku. Munthu umachoka kunyumba ndi ndalama yako m'manja komanso mndandanda m'mutu, ukafika mumsika mndandanda uja umasintha pompo. Wapeza nyama yakwera, basi umatembenukira ku usipa. Kabichi watchipa chifukwa lero wabwera wambiri, umatenga awiri nkusiya lepu. Umayenda mizere iwiri itatu kufunsa mtengo usanatulutse kanthu, ndipo madzulo mavenda akamafuna kuweruka mulu umakula. Bajeti ya Mmalawi imapangidwira mumsika momwemo uli chiimire, osati pa tebulo. Pafoni mtengo ndi umene alembawo, ukafunsa kuti tsitsaniko pena sakuyankhanso.

Kunenerera ndi basela ena amaziona ngati zazing'ono. Sizazing'ono. Tomato awiri oonjezera, kadzanja ka usipa pamwamba pa mbale, anyezi mmodzi woponyera mu jumbo pomaliza, ukaziphatikiza pamwezi ndi ndiwo za masiku angapo. Ndipo basela amapatsa munthu amene akumuona, amene wamupatsa moni, amene anabwera dzana ndipo abweranso mkuja. Sindinamvepo kuti oda ya pafoni yabwera ndi basela.

Kenako muwerengere zobisika. Wanjinga yamoto woti akufikitsireni katundu ku Mchengautuwa, ku Luwinga kapena ku Lupaso ayenera kulipidwa ndipo mafuta akasowa mtauni mtengo wake umakwera tsiku lomwelo. Wogulitsa amati muikeponso yochotsera. Bandulo yoti muzikambirana ndi kutumizirana zithunzi ndi yanu. Kwa munthu wogula za mwezi wonse kamodzi mwina zimamveka, koma ambirife timagula za lero, mafuta oyeza a m'kapepala, kawokimani ka ufa, mulu wa masamba, nde ungalipire bwanji thiransipoti yoposa mtengo wa ndiwo zomwezo? Komanso Mzuzu si Lilongwe kuti malo ndi otalikirana kwambiri. Ambiri pochoka kuntchito timadutsa mtauni momwemo, msika uli panjira, depoti ili pompo, ukagula umakwera Sacramento, njinga za kabaza za kuno, kapena takisi ulendo kunyumba. Pafupifupi dera lililonse lilinso ndi kamsika kake, ku Chibavi, ku Chiputula, ku Zolozolo, ku Luwinga, woti mwana umamutuma madzi ali pamoto nkubwera asanawire.

Kulondolera kokha ndi ntchito. Nyumba zathu zambiri munthu sungaipeze ndi nambala, timati mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere, mudutse tchalitchi, muona geti yobiriwira moyang'anana ndi mpopi. Wobweretsa katundu amaimba kangapo, mayunitsi akutha, inu mwaima kumsewu kumudikira. Nyengo ya mvula, ndipo mvula ya Mzuzu mukuidziwa mmene imakakamirira mpaka April kapena May, njira zina za ku Masasa ndi ku Ching'ambo njinga imatsetsereka, wanjinga amakuuzani kuti ndafika pa tala bwerani mudzatengere pano. Nde ngati ndikuvalabe nsapato nkutuluka m'matope, bola ndingopitiratu kumsika.

Za chikhulupiriro nazo tisazilambalale. Palibe mwini foni m'Malawi muno amene sanalandirepo ka meseji kaja koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Anthu anaberedwa, ena ndalama zambiri ndithu, nde mtima woti tumiza kaye katundu abwera pambuyo unatichoka. Mnzanga wina wa kuntchito anaoda nkhuku zosadzula kwa munthu wa pa Facebook, pachithunzi zinali zonenepa bwino, zitafika zinali tating'ono ndipo imodzi inali itayamba kale kafungo. Poimba foni anangouzidwa kuti pepani zinatsala ndi zomwezo. Akanakadandaula kuti? Munthuyo alibe benchi, alibe shopu, mawa akhoza kusintha nambala. Pomwe kumsika amama akakugulitsa mazira owola ukudziwa pomwe amakhala, mawa upita, ndipo iwonso akudziwa kuti upita nde sayerekeza.

Ndipo ubale umenewu ndi umene ine ndimaumva kwambiri mumtima. Pali amama ena amene ndimagulako masamba ndi tomato kuyambira kale, ndikangotulukira amayamba okha, monire mwana wane, mwawuka uli, ine nkuyankha Chitumbuka changa chomwe ndinatolera momwemo mumsika, kenako timapitiriza m'Chichewa. Amadziwa kuti ndimakonda mpiru osati chainizi. Tsiku lina amandinong'oneza kuti uyu musatenge ndi wadzulo, dikirani ndikupatseni wa pansi. Mwezi ukafika pakati poipa amati tengani mudzapereka, osalemba paliponse. Mwana wanga atadwala anafunsa za iye masabata angapo. Ndalama yanga ndikaipereka m'manja mwawo ndimadziwa kuti ikupita ku fizi ya mdzukulu wawo, ndipo zimenezi kwa ine zili ndi kulemera kwake. Wa okala wa pafupi ndi kwathu nayenso ali ndi kabuku kake ka ngongole, buledi ndi shuga timatenga kudikira malipiro. Ndani pa intaneti angakukongoze buledi chifukwa choti amakudziwa?

Kumbukirani April 2020 boma litalengeza kuti kukhala lokidauni ya masiku 21 chifukwa cha Covid-19. Mavenda a kuno ku Mzuzu anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu kukana, ndipo khoti lalikulu linaimitsa lokidauniyo isanayambe. Maiko ena nthawi imeneyo ndi pomwe anthu anazolowera kuoda zakudya pa intaneti. Kuno zinaonetsa poyera kuti wogulitsa amadya zomwe wagulitsa tsiku lomwelo ndipo wogula amagula za tsiku lomwelo, msika ukatsekedwa onse awiri agona ndi njala. Mzinda wa anthu opitirira 220,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo chakudya chawo chimadutsa pa benchi ya munthu.

Olo m'mashopu akuluakulu momwe zinthu ndi zomata kale, anthu amafunabe kulowa okha. Umatembenuza paketi kuona deti yothera, umayerekeza botolo la malita awiri ndi la malita asanu kuti lotchipa kwenikweni ndi liti, umaona zomwe atsitsa mtengo sabata imeneyo, nyama umaloza wekha kuti ndiduleni apa osati pamafuta apo. Nthawi ija shuga anasowa mu 2024 amene ankamupeza ndi amene anali mtauni ndi miyendo yawo, kumva kuti wafika pakuti nkuthamangira pamzere. Ndipo tinene zoona, kwa amayi ambiri amene amakhala pakhomo sabata yonse, ulendo wa kumsika ndi mpata wotulukako, kuonana ndi anzawo, kumva kuti maliro a uje aika liti, mtengo wa feteleza wafika pati, ndani wabwera kuchokera ku Joni.

Bowa nde ndisanene zambiri. Mvula ikagwa amabwera wambiri kuchokera mbali za ku Chikangawa ndi m'midzi yozungulira, wokoma kuposa nyama, koma aliyense akudziwa kuti bowa wina amapha. Ameneyu ine ndimagula kwa munthu amene ndikumuona nkhope, ndimutembenuze ndekha mmodzimmodzi, ndifunse kuti anazula kuti.

Pali pomwe kuoda pafoni kumathandiza ndipo ndimavomereza ndi mtima wonse. Achibale athu ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town amene akufuna kugulira makolo awo thumba la ufa, mafuta ophikira, sopo ndi shuga kuno, njira imeneyi yawapepukitsira zinthu ndipo akudziwa kuti ndalama yagula chakudya osati zina. Munthu wodwala, mayi amene wangochira kumene, agogo oti miyendo inafooka, kwa iwo ndi chithandizo chenicheni. Zinthu zomata za kufakitale zomwe paketi ili yonse ndi yofanana ndi inzake, ndingathe kuoda osadandaula.

Nde kwa achinyamata amene mukugulitsa pa status, ngati mukufuna ndalama ya anthu ngati ine pa nsomba, mpunga ndi nkhuku, lolani ndilipire katundu akafika, nditsegule jumbo wanjinga ali pompo, ndinunkhize, chomwe sichili bwino chibwerere popanda kukangana. Jambulani katundu wa tsiku lomwelo, nenani kukula kwake kwenikweni, ndipo mukhale ndi malo odziwika oti munthu akhoza kukupezani zikavuta. Alipo ochepa amene ayamba kale kutero ndipo makasitomala awo sakuwasiya.