Chovuta pa chitsulo cha m'chiuno ndi m'bondo ndi ndere

Mtima wakhala m'malo tsopano. Nkhani ya mabakiteriya olowa pa chitsulo choikidwa m'chiuno kapena m'bondo ndaimvetsa, ndipo yonse yagona pa biofilm, ndere za mabakiteriya zomatirira pachitsulo.

Wa kuno ku Salima aliyense amazidziwa ndere za pamiyala ya ku Senga Bay. Mafunde amazimenya usana ndi usiku koma sizichoka, mpaka munthu azipale. Bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus ndi anzake amachita zomwezo pachitsulo: amamatirira, amadzikuta ndi zoterera, kenako amachepetsa kuswana. Chitsulo chilibe mitsempha ya magazi, choncho asilikali a m'thupi safikapo bwino. Mankhwala a cloxacillin amapha mabakiteriya amene akuswana, ogona m'ndere aja amapulumuka. N'chifukwa chake wodwala amapezako bwino ali pa dripi, akangosiya mafinya n'kuyambiranso.

Ndiye funso loyamba ndi la masiku. Ngati sipanathe masiku 30 chichitireni opareshoni, kapena zizindikiro zayamba mwadzidzidzi ndipo sizinathe milungu 3, chitsulo sichikugwedera, pakhungu palibenso kabowo kotuluka mafinya, DAIR, opareshoni yotsuka malowo osachotsa chitsulo, ndi yotheka. Dokotala amatsegula, kuchotsa minofu yonse yakufa, kutsuka ndi malita angapo a saline, n'kusintha zochotseka, polyethylene liner (kapulasitiki kokhala pakati pa zitsulo) ndi kamutu kozungulira ka m'chiuno. Chitsulo chogwira fupa amachisiya. Akasiya liner yakale, wasiya ndere pansi pake. Nthawiyi ikapitirira ndere zakhwima, chitsulo chituluke basi. Pamalopo amaikapo simenti yosakaniza ndi gentamicin kapena vancomycin, wodwala alandire mankhwala milungu 4 mpaka 6, chitsulo chatsopano chidzalowe pambuyo.

Chimene ndachikonda koposa ndi tizidutswa ta minofu totumiza ku labotale. Tikhale 5, kalikonse ndi chida chake, botolo lakenso. Ngati wodwala sali pachiopsezo cha sepsis (matenda kufalikira thupi lonse), maantibayotiki aimitsidwe milungu 2 asanatenge. Swabu ya pakabowo ka pakhungu imanamiza, imangotola mabakiteriya a pakhungu. Labotale idikire mpaka masiku 14, chifukwa bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes amamera mochedwa. Ine ndikuti chithandizo chonse chimakhozekera kapena kulakwikira pamenepa, zinazo zimangotsatira.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi timapatsidwa mndandanda wa mankhwala kuti tiloweze, biofilm kungoitchula kamodzi modutsa. Aphunzitsi akuthamangira mayeso, ife tikuloweza mamiligalamu osadziwa chifukwa chake. Akanayambira pa ndere, mndandandawo ukanamveka wokha.

Tengani rifampicin. Amalowa m'ndere za staphylococcus, 300 mpaka 450 mg kawiri patsiku, koma payekha ayi, mabakiteriya amamuzolowera m'masiku ochepa. Amayenda ndi mnzake monga levofloxacin kapena ciprofloxacin, ndipo ayambe bala litauma, ma drain (timachubu totulutsa madzi m'bala) atachotsedwa. Malangizo a 2013 a IDSA, bungwe la ku America la akatswiri a matenda opatsirana, amati ikachitika DAIR mankhwala atenge miyezi 3 ngati n'chiuno, miyezi 6 ngati ndi bondo. Kafukufuku wa DATIPO wa ku France mu 2021 anapeza kuti matenda amabwerera kwambiri mwa olandira mankhwala milungu 6 kuposa a milungu 12. Ciprofloxacin asamwere limodzi ndi mapiritsi a ayironi kapena a maginiziyamu, salowa bwino m'magazi.

Kwathu kuno rifampicin yemweyo ndiye msana wa mankhwala a TB. Musanamupereke, TB iyezedwe. Womwa ma ARV okhala ndi dolutegravir afunika 50 mg ya dolutegravir kawiri patsiku akamamwa rifampicin, ndipo mapiritsi ndi implant zolerera zimachepa mphamvu.

Pamene mutu wandiima ndi pa milungu 3 ija. Agogo a kumudzi kwa Khombedza bondo likatupa amayamba agula amoxicillin pagolosale, kenako kuchipatala chaching'ono, kenako cha boma, kalata yopita ku Lilongwe n'kudzalembedwa mochedwa. Pofika kumeneko masiku atha, tizidutswa tija mwina sitimeranso kanthu. Kodi pamenepo DAIR iyesedwebe, poti chitsulo chachiwiri sichipezeka msanga, kapena chitsulo chingotuluka? Ndikalingalira mbali zonse ziwiri, iliyonse ikuoneka kuti ili ndi mfundo.